Ng'ombe za Yoramu Zidamukana

Yoramu Ngozo atabwerako ku Joni kachisanu, m'mwezi wa Meyi chaka cha 1972, adapeza mlamu wake Kingston atakhala pampando wake wa ndalema, wailesi yake ili pamwendo, jekete limene adatumiza chaka chathacho lili pathupi. Kingston adadzuka ndi chimwemwe chonse, nalandira sutikesi, nati, "Takulandirani alamu! Lowani, lowani, khalani omasuka." Munthu kuuzidwa kuti akhale womasuka m'nyumba imene adaikhomera malata ndi thukuta lake! Yoramu adangoti zikomo.

Kingston adali mlongo wake wa Lufina, mkazi wa Yoramu. Lufina adatengedwa chitengwa kuchokera kufupi ndi Nzama kudzakhala kumudzi kwa mwamuna wake, kumapiri a ku Biriwiri, ndipo Kingston adamutsatira chaka china kuti adzathandize kukolola. Kukololako kudatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Ng'ombe ziwiri zapangolo zimene Yoramu adatumizira ndalama adakazisankha ndi Kingston, adaziphunzitsa ndi Kingston, ndipo anthu ambiri ankangoti ngolo ya a Kingston, osachita nazo manyazi.

Kumgodi Yoramu sadali munthu wamba. Adayamba ndi fosholo monga aliyense, koma pofika ulendo wachinayi adali woyang'anira mapampu otulutsa madzi pansi, ndipo injini ikatsokomola mzungu ankaitana iye. Pobwera adamupatsa chikalata cholimba, chachikasu, chokhala ndi chidindo ndi chala chake. Chikalatacho chinkati akabwerera mwezi wa Okutobala usanathe, akapeza ntchito yake yomweyo ndi malipiro okwera, makwacha opitirira makumi anayi pamwezi. Akachedwa, ndiye kukayambiranso fosholo pamodzi ndi anyamata, iye ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Chikalatacho ankayenda nacho m'thumba la malaya. M'nyumbamo mudalibe malo amene ankawakhulupirira.

Mbatatesi ya kudimba idakumbidwa mu Juni. Matumba asanu ndi atatu adaunjikidwa pabwalo kudikira kupita kumsewu, kumene malole a ku Limbe ankaima Lachinayi. Kingston atayamba kuvula jekete kuti akamange ng'ombe, Yoramu adamuletsa.

"Pumulani alamu, mwatopa zaka zonsezi. Lero ndiyendetsa ndekha."

"Zimavuta zimenezi, alamu."

"Ndidagula ndine."

Adatulutsa Bantomu ndi Jeremani m'khola, naziika goli, namanga zingwe, nakweza matumba. Amayi amene ankapita kuchigayo adaika madengu awo pamwamba pa matumbawo, naima pambali. Yoramu adakwera, nagwira chikwapu, nafuula ndi mawu aja ankadumphitsa amuna pansi pa mgodi: "Tiyeni!"

Bantomu adangotembenuza diso. Jeremani adayamba kubzikula. Yoramu adafuulanso, kenaka chikwapu chidalira. Ng'ombe zija zidaphatikiza mitu, matako nkuthawana, ngolo nkuyamba kuzungulira pamalo pomwepo ngati nkhuku yodulidwa mutu. Gudumu lidakwera pamwala, matumba awiri adagwa naphulika, mbatatesi nkumagubuduka mpaka kuseri kwa nkhokwe. Dengu la mphale la mayi wina lidakhuthukira m'fumbi, nkhuku nkuyamba phwando.

"A Ngozo, tayesani kuzilankhula chilapalapa cha kumgodi," adatero mwini dengulo, "mwina ndi chimene zikudikira!"

Bwalo lonse lidafa ndi phwete. Kingston adabwera pang'onopang'ono, manja m'matumba a jekete lija, namasula ng'ombezo, nazisinthanitsa malo, naimba kalikhweru kamodzi. Zidanyamuka ngati zikupita ku ukwati.

Yoramu adatsala pabwalo kutola mbatatesi. Lufina adabwera ndi lichero, nagwada pafupi naye, nayamba kutola nawo.

"Munazimanga mosemphanitsa," adatero Lufina. "Bantomu amakhala kumanja. Ngakhale mwana wathu Janeti akudziwa. Mudzi wonse ukudziwa."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa?" Adaponya mbatatesi yophwanyika kutali. "Abambo a Janeti, ng'ombe zanena zimene ine ndakhala ndikumeza. Zaka khumi ndi zinayi chikwatiranireni, koma m'nyumba umu simunagonemo zaka zitatu. Mwana wathu wachiwiri simunamuone nkhope, munangoona mtumbira. Ine sindinakwatiwe ndi malata. Ankhoswe ndawauza kale. Tsiku limene mudzakwere basi ya ku Joni, inenso ndidzakwera ndi mwana wanga, kubwerera kwathu."

"Sindipitanso."

"Munatero ulendo wachitatu. Wachinayi munateronso, mutagwira Baibulo."

Zidali zoona, ndipo Yoramu adapitiriza kutola mbatatesi.

Kumsewu kudali chigayo chimodzi chokha, cha Che Idrisa, Msilamu amene adalinso ndi golosale pambali pake. Injini yake ya dizilo inkafa kawiri pa sabata, ndipo makaniko ankachokera kuboma, kudzadya nkhuku, kumangitsa bawuti limodzi, nkupita, injini nkufanso mawa lake. Tsiku lina Yoramu akudutsa adaimva ikutsamwa, nalowa osaitanidwa, napempha sipanala. Amayi asanamalize kudandaula, injini idali ikuyenda bwinobwino.

Che Idrisa adamukokera pakhonde la golosale, namupatsa mpando.

"A Ngozo, tisazungulire. Makwacha khumi ndi awiri pamwezi. Dzuwa kutuluka mpaka kulowa, kupatula Lachisanu masana ndi Lamulungu m'mawa."

"Achuluka."

"Mwati bwanji?"

"Ndati achuluka. Muzindipatsa asanu ndi awiri."

Che Idrisa adavula kachisoti, nakanda m'mutu, naitanira m'kati. "Amake Salimu, tabwerani mudzaone! Zaka makumi awiri ndili pamalonda, lero ndakumana ndi munthu wonenerera chotsitsa." Kenaka adatsinzina diso limodzi. "Mukufuna kundibera chiyani, achimwene? Nenani ndidziwiretu, ndisamavutike kulondera."

"Masana," adatero Yoramu. "Dzuwa likafika paliwombo ndizizimitsa injini, ndizipita kwathu. Mvula ikagwa tidzasinthe, m'mawa ukhale wanga. Ndiponso ufa wogwera pansi ndizisesa ndekha, ndizitenga."

"Nanga amayi obwera madzulo?"

"Azibwera m'mawa. Injini yanuyi ilibe matenda, Che Idrisa. Mukuigwiritsa ntchito ngati munthu wa kumgodi. Muipumitse, muone ngati makaniko wanu adzadyenso nkhuku zanu."

Che Idrisa adaganiza za nkhukuzo, natambasula dzanja.

Nkhani idafika kumudzi iye asanafike. Anthu sakhululukira munthu wokana ndalama, chifukwa amaona ngati akuwanyoza iwo amene akuzisowa. Cyprian, mnzake amene ankagona naye chipinda chimodzi kumgodi ndipo nayenso ankadikira Okutobala, adamuona akubwera ali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze.

"Taonani kapitawo wa mapampu! Ngozo, wasanduka mzukwa kodi? Zimene ukulandira pamwezi kumeneko, ku Joni unkazimaliza Loweruka limodzi."

"Ndinkazimaliza ndi iwe. Nchifukwa chake sizinkachedwa."

Kingston ndiye adali ndi nkhawa kuposa onse. Ankabwera ndi nkhope ya pamaliro. "Alamu, ine ndikungoganizira mwanayu. Sukulu ikudula. Komanso mabatire a wailesi atha."

"Wailesi nayonso ipume," ankatero Yoramu.

Masana onse adali a ng'ombe. Ankakazitenga yekha m'mapesi, kuzimwetsa kumtsinje, kenaka kuziikira ufa wosesa uja wosakaniza ndi mchere m'beseni lobooka. Zikamadya ankazizula nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira, akuzilankhula pang'onopang'ono, kuzitchula maina, kuziuza za mapampu ndi za kuipa kwa alamu. Jeremani adali wadyera, adagonja sabata yachiwiri. Bantomu adali ndi mtima wa Lufina. Ankadya ufawo koma diso lili pambali, ndipo dzanja likayandikira ankapukusa nyanga. Mpaka mu Ogasiti ndi pamene tsiku lina adabwera yekha, natsamiritsa chipumi pamimba pa Yoramu, kufuna kukandidwa. Yoramu adayang'ana uku ndi uku, kuopa kuti wina angaone zimene zinkachitika m'maso mwake. Kuyambira pamenepo ankazimanga pangolo yopanda kanthu kuseri kwa phiri, kumene kudalibe woseka, chikwapu atachisiya padenga la khola.

Masana omwewo adamuonetsa zinthu zina. Adadziwa kuti Janeti amalemba ndi dzanja lamanzere ndipo aphunzitsi amamumenyera zimenezo. Adadziwa kuti Lufina adaguluka dzino lam'mbali zaka zinayi zapitazo, ndi kuti akamasenda nyemba amaimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu. Koma Lufinayo ankamupatsabe madzi osamba monga amachitira ndi mlendo, mwaulemu wonse, osamuyang'ana.

Tisanamizane, makwacha asanu ndi awiri ndi ochepa. Shuga adatha m'nyumbamo, tiyi nkumamwedwa ndi mbatata. Sopo ankadulidwa ndi ulusi. Nsapato za Janeti zidang'ambika, zina sizidagulidwe. Masiku ena Yoramu akakhala pamwala kuyang'ana ng'ombe, dzanja linkapita lokha m'thumba, nkutulutsa chikalata chija, nkuchiwerenga ngakhale ankachidziwa pamtima. Adazindikira kuti munthu amene sankamukhulupirira kwambiri m'mudzi monsemo sadali Kingston ayi. Adali iye mwini, yemwe uja adagwira Baibulo nkupitabe.

Mu Seputembala, sabata imene kudali maukwati awiri, chigayo chidadzaza ndi madengu mpaka kumsewu. Cha m'ma naini injini idayamba kulavula oilo polumikizira paipi. Yoramu adaizimitsa, namasula, napeza kuti gasiketi, kapepala kolimba kotseka polumikizirapo, kadang'ambika pawiri. Kena kotero kankapezeka ku Blantyre kokha. Che Idrisa adathamangira m'golosale, nabwera ndi katoni ya sopo. Idali yokhuthala kwambiri. Adabwera ndi chikuto cha kope. Chidanyowa nkusungunuka injini isanatenthe nkomwe. Panja amayi adayamba kutukwana.

Yoramu adaima kanthawi, manja ali bii ndi oilo. Kenaka adapukuta zala pabuluku, napisa m'thumba la malaya. Adatulutsa chikalata chija, nachiyala pakamwa pa paipi. Chidakwana ngati adachipangira pomwepo.

"A Ngozo," adatero Che Idrisa motsitsa mawu, "icho si chikalata chanu cha ku Joni?"

"Ndi pepala labwino. Azungu sasindikiza pa zinthu zachabechabe."

Adatenga kahamala, nayamba kugogoda pang'onopang'ono kutsata m'mphepete mwa chitsulo, mpaka mkombero udadulika bwinobwino, chidindo ndi chala chake zili momwemo. Adaupaka girizi, namanga. Injini idalira, osadontha ngakhale kadontho. Amayi panja adaimba nthungululu, osadziwa chimene ankaimbira. Chotsala cha pepalalo, chokhala ndi chibowo chachikulu pakati, adachipinda nachibwezera m'thumba.

"Musauze munthu," adatero.

Kunyumba sadanene kanthu. Pakamwa pake padali patanama kale kawiri, ndipo adafuna kuti ulendo uno linene ndi tsikulo. Komanso ankadziwa kuti Kingston akangomva kuti mgodi wake watsekedwa, makasu ndi matcheni a ngolo ziyamba kusowa chimodzichimodzi. Choncho thumba la malaya lidakhalabe lotupa, ndipo Kingston ankalilozera kwa mlongo wake ndi milomo. "Mukuona? Munthu wosapita amasunga chiphaso pamtima? Akungodikira tsiku, achemwali."

Tsikulo lidafika, Lachiwiri lomaliza la Okutobala. Cyprian ndi anzake awiri adapempha ngolo kuti iwanyamulire masutikesi kukafika kumsewu, Yoramu nkuvomera kuti awaperekeza yekha. Adatuluka m'mawa atavala majombo ake a kumgodi, amene ankagwira nawonso ntchito kuchigayo. Atabwerako kukhola adapeza Lufina ataima pakhomo, atavala chitenje chake chatsopano, mtolo waukulu uli pamapazi, Janeti ali pambali ndi diresi la kutchalitchi. Lufina adanyamula mtolowo, nauika m'ngolo pamwamba pa masutikesi, nakweza mwana, nakwera.

Mudzi udasonkhana. Ena adabwera kudzatsanzika opita, koma ambiri adamva kuti a Ngozo amanganso ng'ombe, ndipo sadafune kuphonya. Mayi wa dengu uja adali patsogolo penipeni.

Yoramu adaika goli paphewa, naitana. "Bantomu." Ng'ombe idabwera, niima kumanja. "Jeremani." Idaima kumanzere. Adamanga, nakwera, manja opanda chikwapu.

"Tiyeni, anyamata," adatero, ngati akulankhula ndi munthu wokhala naye mphasa imodzi.

Ngolo idanyamuka myaa. Mayi wa dengu uja ndiye adayamba nthungululu, poti anthu amaombera m'manja aliyense amene wapambana, ngakhale dzulo ankamuseka. Kingston adathamangira pambuyo akufuula kuti akufuna akabweze ngolo, poti ikasowa woibweza. Atafika pafupi adaimba likhweru lake loimitsira ng'ombe. Bantomu adagwedeza khutu limodzi ngati wamva ntchentche, napitirira. Kingston adayenda wapansi njira yonse, akumeza fumbi.

Kumsewu basi sidachedwe. Achinyamata a chipani adaima pakhomo pake kuona makhadi, ndipo aliyense adatulutsa lake mwachangu. Masutikesi adakwezedwa pamwamba. Basi yomweyo inkadzera kuboma, kumene Lufina akadatsikira kuti alowere kwawo, ndipo iye adali atalipira kale kwa kondakitala, mtolo uli pamutu, dzanja lina litagwira Janeti. Cyprian adasuzumira pazenera.

"Kwera Ngozo, tasiya masewera! Malo ndakusungira!"

Lufina adaika phazi pachitsulo chokwerera.

"Amake Janeti," adatero Yoramu.

Adatembenuka. Yoramu adatulutsa pepala lija, nalitambasula ndi manja awiri, nalikweza kumaso, nkumuyang'ana mkazi wake kudzera pachibowo. Cyprian adagwira pakamwa. Lufina adatsitsa phazi, nayandikira, nalanda pepalalo, nalowetsa dzanja lonse pachibowopo.

"Pakati pake pali kuti?"

"Pali mu injini yanga, mayi," adayankha Che Idrisa ali pakhonde la golosale, "kuyambira Seputembala. Sipadontha ngakhale pang'ono. Ndikadakhala ndi zikalata zina zitatu, bwenzi ndili pabwino."

"Seputembala!" Lufina adatula mtolo pansi. "Ndiye mwandisiya ndikuchapa, ndikumanga katundu, ndikutsanzika anzanga a kumpingo, inu mukungondiyang'ana? Mukanandiuza!"

"Mukanakhulupirira?"

Lufina adaganiza. "Ayi," adatero. Kenaka kuseka kudamutuluka kosafuna, mpaka mpata wa dzino lija udaonekera, ndipo adamumenya nalo pepalalo pachifuwa, anthu onse akuona.

Kondakitala adamenya m'mbali mwa basi. "Mayi, mukukwera kapena ayi? Ndalama sitibweza!"

Pamenepo nkuti Kingston atangofika, thukuta lili kamukamu m'jekete. Yoramu adamumwetulira koyamba m'miyezi isanu. "Alamu, mwakhala mukuyamikira ndalama za ku Joni. Malo ndi awo, a Cyprian asunga."

"Ine chifuwa, alamu, mukudziwa. Adokotala sangandilole."

"Mpaka kuboma chifuwa chilola," adatero Lufina, namupatira tikiti yake m'manja. "Kwerani achimwene. Mukawauze amayi kuti sindikubwera. Mvula ili pafupi, mukawathandize kulima. Katundu wanu tidzatumiza."

Kingston adayang'ana mlongo wake, nayang'ana ng'ombe. Ng'ombe zinkayang'ana Yoramu. Adakwera, jekete lili pathupi, ndipo Yoramu adalilola kuti lipite.

Fumbi la basi litatha, adamasula ng'ombe pamthunzi wa mbawa, nalowa m'chigayo, napukusa injini. Lufina ndi Janeti adakhala pakhonde ndi amake Salimu, kumwa tiyi wa shuga. Dzuwa litafika paliwombo Yoramu adazimitsa injini, madengu anayi akadali pamzere, eni ake akung'ung'udza. Adasesa ufa wake, nauthira m'kathumba, namanga ng'ombe, nakweza mtolo uja.

"A Ngozo!" adafuula Che Idrisa. "Madengu anayi okha! Ndiwonjezera makwacha awiri, muzifika mpaka folo koloko!"

"Mawa m'mawa, Che Idrisa."

"Atatu!"

Yoramu sadacheuke. Adapatsa Janeti chingwe kuti agwire ndi dzanja lake lamanzere, iye nakhala pafupi ndi mkazi wake, miyendo ili lendelende kumbuyo kwa ngolo. Bantomu adali atakhotera kale njira yakumudzi.